Funsani Amakaniko: rimu yayikulu ndi yojambulitsa, pa drag imafuna khoma

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa abale athu ali kunjaku, omwe apeza kandalama nkugula zigalimoto za ku America zija za injini ya V8, ma Mustang, ma Camaro, ma Challenger, ena nkuwonjezeranso mphamvu, kenako nkumadabwa kuti galimoto ikungofuka utsi pamalo amodzi osapita. Kwa amene simuudziwa mpikisano wa drag, ndi uja galimoto ziwiri zimaima limodzi, getsi lobiriwira likayaka nkuthamanga mzere wowongoka mamita 402, omwe eni ake amati quarter mile, wafika koyamba wawina basi. Kulibe kona, kulibe kuzungulira, ndiye nkhani yonse imathera pa matayala awiri akumbuyo aja. Tiyeni tione makalatawo.

FUNSO: Amakaniko, ine ndimakhala ku Joni, ndili ndi Mustang GT ya 2017 ya automatic, ndinaiika supercharger yowonjezera mphamvu ndipo pa dyno, makina oyezera mphamvu aja, inaonetsa mahatchi 600 ndi kanthu. Vuto ndi loti ndikapita ku Tarlton, bwalo la drag la kufupi ndi Krugersdorp, ndikumadyedwa ndi tima Golf R, ine ndikamamaliza kusipina anzanga ali kale pakati pa msewu. Ndikufuna ndigule marimu a 20 ndi matayala a drag radial a 305/35R20 kuti izioneka bho komanso izigwira. Ndalama ndasunga kale. Ndigule? Wowerenga wanu, Johannesburg.

YANKHO: Achimwene, ndalamazo zigwireni kaye m'thumba, zisakuyabweni. Ka Golf R kakukudyaniko kalibe mphamvu ngati zanu ayi, koma kamakoka ndi mawilo onse anayi, inu mahatchi 600 onsewo mukuwathira pa matayala awiri a mumsewu omwe anapangidwa kuti akhalitse komanso aziyenda pa mvula, ndiye zili ngati munthu wamphamvu akukoka chingwe atavala masilipasi pa simenti yonyowa. Maganizo a drag radial, tayala la rabala yofewa lopangidwira mpikisano umenewu, ndi olondola, koma saizi mwasankhayo ndi yojambulitsa pa Facebook.

Tiyeni tiwerenge manambala ali pa tayalapo chifukwa ambiri timangowatchula osawamva. Pa 305/35R20, 305 ndi kufutukuka kwa tayala mu mamilimita, 20 ndi rimu mu mainchesi, koma 35 uja si mamilimita, ndi peresenti, kutanthauza kuti khoma la m'mbali lija, kuchokera pa rimu kufika pamene pamaponda pansi, ndi 35 peresenti ya 305, zomwe zikutipatsa mamilimita 107. Tsopano taonani, tayala lomwe galimoto yanu inabwera nalo kumbuyo ndi 275/40R19, khoma lake ndi mamilimita 110. Mwaona? Mukufuna kulipira ndalama zankhaninkhani kuti mugule khoma lalifupi kuposa lomwe muli nalo kale. Pamene 305/45R17, kufutukuka komweko, khoma lake ndi mamilimita 137, ndipo kutalika kwa tayala lonse ndi mainchesi 27.8, pamene lanu lapanoli ndi 27.7, ndiye sipidomita, ABS ndi giyabokosi sizizindikira nkomwe kuti mwasintha kanthu.

Khomalo ndi lofunika chifukwa ndi limene limameza chibakera choyamba. Mukasiya buleki nkuponda moto, mphamvu imafika ku wilo mwadzidzidzi, rimu imayamba kuzungulira pamene rabala ili pansi idakagwira, ndiye khoma lalitali limapindika pang'ono, limakhwinyata, nkupereka mphamvu ija pang'onopang'ono, komanso kulemera kwa galimoto kukakhala kumbuyo tayala limaphwatalala ndipo gawo loponda pansi limatalika. Khoma lalifupi lolimba lilibe pothawira, chibakera chija chimapita molunjika pa phula, tayala nkutsetsereka. Ndipo radial ili ndi khalidwe loipa limodzi, ikangoyamba kusipina sibwerera msanga, imapitiriza mpaka mutachotsa phazi, ndiye mpikisano watha pamenepo.

Ngati mukuona ngati ndi nkhambakamwa za mkulu wa mu garaja, onani zomwe anachita a Dodge eni ake. Challenger SRT Demon ya 2018, ya mahatchi 840 pa mafuta a mpikisano, inatuluka mu fakitale itavala Nitto NT05R za 315/40R18, pamene ma Hellcat anzake anali pa marimu a 20, ndipo inathamanga masekondi 9.65. Pofika 2023 atatulutsa Demon 170 ya mahatchi 1,025, mukuganiza kuti anakweza rimu? Anatsitsanso, kumbuyo anaika 17 ndi Mickey Thompson ET Street R za 315/50R17, khoma lopitirira mamilimita 157, galimoto nkuchita 8.91. Mphamvu zikamakwera rimu ikutsika. Ndipo ku America kuli kalasi yotchedwa X275 komwe galimoto za mahatchi opitirira 1,000 zimathamanga pa 275/60R15, tayala lowonda kuposa lomwe inu mukufunalo, kungoti khoma lake ndi mamilimita 165.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji osangopita pa 15 kumene. Chomwe chimalamula ndi mabuleki. Rimu imayenera kumeza disiki ndi kalipa yake, ndipo pa Mustang ya m'badwo wanuwu 17 imalowa kumbuyo, koma 15 imafuna musinthe mabuleki akumbuyo ndi zitsulo zina, ntchito yodula yomwe pa mahatchi 600 sindikuona chifukwa chake. Ambiri amaika 17x10 ndi 305/45R17, ine ndi zomwe ndingakuuzeni. Kutsogolo siyani momwe kuliri, mabuleki a Brembo akuluakulu aja sagwirizana ndi rimu yaying'ono, ndipo tima tayala towonda takutsogolo tija mumationa pa YouTube tisiyeni kaye, timachepetsa kulemera inde koma galimoto imavuta kuima komanso kukhota, si ta pa N1. Rimu ikabwera muiyese kaye yopanda tayala, muimange mabawuti, muzungulitse ndi dzanja mukusuzumira mkati ndi tochi, pakati pa kalipa ndi rimu pakhale mpata wa mamilimita atatu kapena kuposa, ndipo muwauze obalansa aja kuti timitovu tomata tija asatiike pamzere wa kalipa, ndinaonapo tonse titametedwa galimoto isanatuluke ndi pageti pomwe, mwini wake nkumadabwa kuti chikunjenjemera nchiyani.

Mtundu wa tayala, ngati muziyenda nalo kuchoka kunyumba mpaka ku Krugersdorp nkubwerera, tengani Mickey Thompson ET Street S/S kapena Nitto NT555RII, ali ndi timizere tothawitsako madzi. ET Street R imagwira kuposa pamenepo pa msewu wokonzedwa koma ili pafupifupi dazi, imeneyo ndi yonyamula m'buti kapena pa ngolo nkukamangira konko.

Mukafika, phwetsani mpweya kufika 1.4 bar, yomwe ndi 20 psi, thamangani, onani kapepala ka nthawi, kenako muzitsitsa pang'onopang'ono, koma osapyola 1.1 bar chifukwa radial ikaphwa kwambiri pakati pake pamanyamuka, imagwira ndi m'mphepete mokha, ndipo kumapeto kwa msewu galimoto imayamba kuvina. Pa kapepalapo musathamangire nambala yomaliza, yang'anani ya 60 foot, ndiwo mamita 18 oyambirira, mukadulapo sekondi 0.1 pamenepo kumapeto mumapeza pafupifupi kawiri kake. Burnout, kusipinitsa matayala pamalo amodzi kuti atenthe musananyamuke, ikhale yaifupi, utsi ukangoyamba kuoneka bwino tulukani, za utsi wodzadza bwalo lonse zija ndi zosangalatsa ana, mukungootcha ndalama. Komanso tengani choko mulembe mzere umodzi kuchokera pa rimu kukafika pa tayala, mukathamanga muone ngati mizere ija idakali pamodzi, ikasiyana ndiye kuti rimu ikuzungulira mkati mwa tayala, apo ndi pamene tingayambe kukamba za beadlock, rimu yopana tayala ndi mabawuti, osati lero. Pobwerera kunyumba popani kaye, musaiwale.

FUNSO: Bambo amakaniko, ndili ku UK ndipo ndinaitanitsa Camaro SS ya 2011 ya manual. Ndinapita ku bwalo la drag la Santa Pod tsiku lija aliyense amaloledwa kuthamangitsa galimoto yake, koma ndikangosiya klatchi kumbuyo kumadumpha ngati galimoto ikufuna kuthyoka pakati. Anzanga akuti drag radial ithetsa zimenezi. Komanso galimoto yomweyi ndimapita nayo ku ntchito masiku ena, kodi ndingangowasiya matayalawo chaka chonse?

YANKHO: Mphwanga, kudumphako kumatchedwa wheel hop ndipo ukakumva chotsa phazi nthawi yomweyo, usalimbane nako, chifukwa chimene chimatsatira ndi phokoso limodzi loti gwaa kenako galimoto osayendanso, shafiti yathyoka. Chimachitika ndi choti Camaro yakoyo mawilo akumbuyo amayenda palokhapalokha ndipo difu ndi chimango chake chonse zinakhazikidwa pa mabushi a rabala ofewa, tayala likagwira mabushi amapindika, likatsetsereka amabwerera, ligwirenso, litsetserekenso, kangapo pa sekondi imodzi. Tayala lofewa la khoma lalitali limachepetsako, koma ukaika tayala logwira kwambiri pa mabushi otopa a 2011 nthawi zina ndi pamene umathyola zinthu msanga. Yamba ndi mabushi ndi timikono takumbuyo tija, kenako tayala.

Ndiye pali nkhani ya manual yomwe anzakowo sanakuuze. Radial imakondana ndi automatic chifukwa torque converter, yomwe imagwira ntchito m'malo mwa klatchi, imapereka mphamvu mofewa. Klatchi imamenya, ndipo ndanena kale kuti radial ikamenyedwa nkusipina sikhululuka. Nchifukwa chake a manual ambiri othamanga zenizeni amakonda tayala la bias ply, la nsalu zopingasa, lija limakwinyika khoma ngati nsalu yosasita, limalola kusipina pang'ono nkugwirabe. Koma bias ply kumbuyo ndi radial kutsogolo sizimvana, pa liwiro lalikulu galimoto imayendayenda, ndiye ukasankha njira imeneyo usinthe onse anayi ndipo akhale a pa bwalo pokha. Ngati ukhala pa radial, phunzira kusiya klatchi motsetsereza, osaitaya, ndipo udziwiretu kuti klatchiyo siikhalitsa.

Za chaka chonsezo ayi ndithu. Drag radial yatsopano imabwera ndi mizere yakuya pafupifupi mamilimita 5, tayala wamba limakhala cha m'ma 8, ndipo lamulo la kwanuko limafuna 1.6, ndiye ndi rabala yofewa chonchija ukachita ma burnout angapo wafika kale pa malire. Kuwonjezera apo mvula ya ku England yosatha ija, pa M1 yanu ya kumeneko madzi atadikha, tayala la 305 lopanda mizere yokwanira limasanduka bwato. Kukazizira rabala yake imauma, imagwira moperewera kuposa tayala wamba. Chizindikiro cha DOT chili pakhomapo ndi cha malamulo a ku America, kwanuko yang'ana cha E, ndipo a inshuwalansi uwauze za kusintha kulikonse. Gula marimu awiri apadera, jeke yabwino ndi sipanala ya torque, kusintha mawilo awiri ndi mphindi 20.

FUNSO: Ankolo, ndine mayi wa ku Indiana, apongozi anga aamuna anatisiyira Chevrolet Nova ya 1972 ndipo ine ndi amene ndaikonda kuposa mwana wawo. Taikamo injini ya V8 ya 383, giyabokosi ya automatic ndi difu ya 3.73. Panopa ili ndi matayala otalika mainchesi 26. Aliyense ku bwalo akuti ndiike 275/60R15. Ndingoitanitsa?

YANKHO: Achemwali, kalata yanu yandisangalatsa, apongoziwo anadziwa kosiya chuma. Inu muli ndi mwayi womwe achimwene a ku Joni aja alibe, galimoto zakalezi mabuleki ake ndi aang'ono ndiye rimu ya 15 imalowa bwinobwino. Vuto lanu lili kwina, ndi malo. Anthu akukuuzani 275/60R15 aja ndikhulupirira ambiri ali ndi ma Chevelle, omwe kumbuyo kwake kuli ngati nkhokwe, koma Nova ndi yothina, mkati muli masipuling'i a mapepala aja, kunja kuli mlomo wa bodi wakuthwa, ndipo tayala la mainchesi 28 limakonda kukhudza kutsogolo kwa khomo la wilo. Ambiri a Nova omwe safuna kudula bodi amathera pa 255/60R15, lomwe ndi mainchesi 27, ndipo kwa 383 ya mumsewu limakwana.

Musaitanitse kanthu musanayeze, ndipo muyeze mbali zonse ziwiri chifukwa galimoto ya zaka zopitirira 50 difu yake siikhala pakatikati penipeni, mbali imodzi imapezeka ili ndi mpata wochuluka kuposa inzake. Ikani majeke pansi pa difu kuti kulemera kukhale ngati ili pansi, chotsani wilo, gonekani chitsulo chowongoka pa nkhope ya habu pamene rimu imakhala, yezani kuchoka apo kulowa mkati mpaka chinthu choyamba chomwe tayala lingakhudze, kenako kuchoka pomwepo kutuluka mpaka pa mlomo wa bodi, ine ndimamangirira kanati ku ulusi nkukalendeweretsa pa mlomopo kuti ndipeze mzere wake. Nambala yamkati ija ndi imene ikupatseni backspacing, kutanthauza mtunda wochoka pa nkhope yomangira mabawuti kufika kumphepete kwa mkati kwa rimu. Siyani mpata wa chala chachikulu mbali zonse, chifukwa tayala lophwetsedwa limatupa m'mbali ndipo galimoto ikanyamuka bodi imapendekeka. Kumbukiraninso kuti rimu yolembedwa 8 mukaiyeza kunja mpaka kunja imakhala pafupifupi 9.

Izi ndikunena ndi manyazi chifukwa zinandichitikira. Ndinayeza mbali ya dalaivala yokha, ndinaona chala chikulowa, nkuti zatheka. Galimoto itapita kukayesedwa inabwera ndi kafungo ka rabala, nditagwada ndinapeza khoma la tayala la mbali inayo lili ndi mzere woyera wozungulira bwinobwino ngati wojambula ndi kampasi, ndipo tinyenyeswa ta rabala tili mbuu pa mlomo wa bodi ngati wina amapala chinangwa. Tayala latsopano, tsiku limodzi, ndipo ndinalipira ndine.

Chinanso, kutalika kwa tayala kumasintha magiya. Kuchoka pa 26 kupita pa 28, difu yanu ya 3.73 izimveka ngati 3.46, galimoto inyamuka mwaulesi pang'ono ndipo sipidomita izinama, ikamati 60 inu muli cha m'ma 65, apolisi a kumeneko samva zoti ndasintha matayala. Pa 27 izikhala ngati 3.59, kusiyana kwake kochepa. Ubwino wa tayala lalitali ndi woti limaponda pansi motalika komanso injini siifika pa malire ake musanadutse mzere womaliza, ndiye onani kaye kuti panopa mukumaliza pa ma rev angati, ngati singano ikufika kale kofiira musanamalize, kutalikako kukuthandizani. Mabawuti a mawilo akumbuyo nawo muwasinthe, ngati ali omwe aja a 1972 atopa, ndipo oyendera galimoto ku bwalo amayang'ana kuti alowa mokwanira mu nati.

FUNSO: Ndapeza munthu akugulitsa marimu a Mustang ndi ma drag radial ake motchipa, akuti anangothamangira kawiri. Ine ndili ndi Challenger. Mabowo ndi asanu onse, ndiye alowa eti? Wa ku Texas.

YANKHO: Alowa inde, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Mustang ndi 5x114.3, Challenger ndi 5x115, kusiyana kwake sikufika ndi milimita imodzi yomwe ndiye rimu imavalika nkuoneka ngati zili bwino, koma manati akamamangidwa amakoka mabawuti cham'mbali ndipo wilo silikhala pakati. Ena amayenda nazo choncho, ine pa galimoto yonyamuka ndi mphamvu yonse sindingalole. Offset yakenso, kutanthauza mmene rimu imalowera mkati kapena kutulukira kunja, ndi yosiyana. Camaro yatsopano ndi 5x120, zakale za Chevrolet ndi 5x120.65, nkhani yake ndi yomweyo.

Za kuthamangira kawirizo, wogulitsa aliyense anathamangira kawiri aise. Yang'anani manambala anayi omaliza pambuyo pa DOT, akakhala 2321 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya 2021. Rabala yofewayi ikatenthedwa nkuzizira kambirimbiri imauma ngakhale mizere ikadalipo, dinani ndi chikhadabo, ikapanda kusiya chizindikiro kapena ikaoneka yonyezimira mwabuluu m'mphepete, musiyireni mwini wake.

FUNSO: Akulu, ine ndili konkuno ku Area 25, ndili ndi Mark X ya V6. Ndikawerenga zanuzi mtima umandikwera. Ndingaike drag radial kuti ndizinyamuka bwino pa maloboti?

YANKHO: Bwana, Mark X ndi galimoto yabwino, imakoka ndi kumbuyo ngati anzake a ku America aja, koma matayala amenewa anapangidwira msewu wosesedwa, wopoperedwa guluu, woti mukaupondapo nsapato imatsalira. Pa maloboti athuwa pali mchenga ndi fumbi, rabala yofewa ija ikatentha imatola timiyala tonse nkumatiponya mu bodi ngati mukukazinga chimanga, ndipo pa mchenga siigwira kuposa tayala wamba. Ikafika Disembala madzi atadzadza m'maenje ndiye musandiyimbire foni. Gulani matayala abwino a mumsewu a saizi yomwe inalembedwa pa kapepala kali pa chitseko cha dalaivala, ndalama yotsalayo muone ma shock akumbuyo, ndikukayika ngati anasinthidwapo chichokereni ku Japan.